Komiti ya nyumba zakale ku Houston: mphamvu zake zikalembedwe mu charter, ndi malire ake omwe

Ku Houston, mzinda waukulu wa ku Texas uja, kuli nkhani ina yomwe khoti linaitseka mu 2021 koma ine ndimaona kuti sinathe ayi. Ndi nkhani ya komiti yoona za malo ndi nyumba zakale, Houston Archaeological and Historical Commission, eni ake amangoti HAHC, komiti yomwe ili ndi mphamvu youza munthu kuti nyumbayi ndi yako inde, msonkho ukulipira ndiwe, ngongole ya kubanki ukubweza ndiwe, koma kuigwetsa iyayi, kuzula mawindo akutsogolowo iyayi, ndipo ukafuna kuonjezera chipinda chapamwamba ubweretse kaye pulani tiione. Ine mbali yanga ndi yoti mphamvu imeneyi ndiyofunika ndipo isachotsedwe. Koma inabwera anthu ovota osafunsidwa, mumzinda womwe malamulo ake omwe amati nkhani za malo muzitifunsa kaye, nde mpaka lero imakhala ngati yobwereka. Njira yoikonzera ndi kuitengera ku voti kuti ilembedwe mu charter ya mzinda, iyoyo pamodzi ndi malire ake.

Charter ndi malamulo akuluakulu oyendetsera mzinda, omwe makhansala sangawasinthe paokha, amasintha ndi anthu ovota basi. Kwathu kuno makhonsolo onse amayendera Local Government Act ya 1998, palibe zoti Blantyre ili ndi buku lake Mzuzu lake, koma ku Texas mizinda ikuluikulu iliyonse ili ndi yake ndipo anthu wamba atha kuisintha ngati asonkhanitsa masiginecha okwanira. Lamulo la Texas limati 5 peresenti ya anthu ovota mumzindamo kapena masiginecha 20,000, chomwe chachepa pa ziwirizo. Kwa mzinda wa anthu pafupifupi 2.3 miliyoni, 20,000 si nambala yoopsa konse, gulu lolimbikira lokhala ndi timatebulo pakhomo la masitolo litha kuipeza.

Tsono Houston ndi mzinda wodabwitsa pa nkhani za malo. Mizinda ina yonse ikuluikulu ya ku America ili ndi zoning, kugawa mzinda kuti uku nyumba zogona zokha, uku mashopu, uku mafakitale. Houston ilibe, ndipo sikuti anaiwala, anthu anakana pa voti katatu konse, 1948, 1962 ndi 1993. Atakana kachitatuko anaona kuti andalewa sakumva, nde mu 1994 anakalemba mu charter kuti khonsolo singabweretse zoning pokhapokha italengeza lamulolo, kudikira miyezi 6 anthu akukambirana, kenako nkuchititsa referendamu yomwe zotsatira zake ndi zomanga. Chaka chotsatira, 1995, khonsolo inakhazikitsa lamulo loteteza malo akale. Panalibe referendamu, ndipo kunena zoona panalibenso phokoso lambiri chifukwa lamulolo linali lopanda mano. Komiti ikakukaniza kugwetsa nyumba unkangodikira masiku 90, akatha umabweretsa chigalimoto chogumulira nkugwetsa bwinobwino, komiti ikungoyang'ana. Kwa kampani yomanga nyumba zogulitsa masiku 90 ndi nthawi yoti amalize kujambulitsa mapulani ndi kukambirana ndi banki basi, sankataya kanthu.

Zinasintha mu 2010, Annise Parker ali meya. Khonsolo inachotsa masiku 90 aja, kukana kwa komiti kunakhala kukana kwenikweni. Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, chifukwa anthu ambiri omwe anasainira kuti dera lawo likhale historic district, dera lotetezedwa la nyumba zakale, anasainira pansi pa lamulo lakale lija, akudziwa kuti zikavuta adikira miyezi itatu nkuchita zomwe akufuna. Anadzuka tsiku lina nkupeza kuti zomwe anavomera zija sizomwezo. Khonsolo inapereka mwayi woti madera omwe analipo kale aganizenso, koma kuti dera lituluke pankafunika kuti eni malo opitilira theka abweze mapepala onena kuti tikutuluka, kutanthauza kuti yemwe sanabweze pepala, kaya anali paulendo kaya analitaya limodzi ndi makalata otsatsa malonda, ankakhala ngati wavomera kuti zikhale momwemo. Mukhoza kukonda nyumba zakale ngati momwe ndimazikondera ine koma nkuonabe kuti kuwerenga mavoti kotereku kunali kokondera mbali imodzi.

Eni nyumba awiri a ku Heights East, limodzi mwa madera otetezedwa a ku Heights, anatengera mzinda kukhoti. Mfundo yawo inali yosavuta kumva, ankati mwajambula mzere pamapu, mwati mkati mwa mzerewu munthu sangamange kapena kugwetsa popanda chilolezo chanu, imeneyo ndi zoning, nanga referendamu yomwe charter imanena ija ili kuti? Mlanduwo, Powell v. City of Houston, unayenda zaka mpaka kufika ku khoti lalikulu la Texas, ndipo mu June 2021 khotilo linagamula mokomera mzinda. Linati lamuloli siliuza munthu chochita ndi malo ake, nyumba yakale utha kuisandutsa ofesi kapena lesitilanti, silikuta mzinda wonse koma kachigawo kosakwana 1 peresenti, ndipo limayang'ana nyumba iliyonse payokha, choncho si zoning yomwe charter inkanena. Chabwino, majaji anachita ntchito yawo ndipo sindikutsutsana nawo. Koma khoti linayankha funso loti kodi khonsolo inali ndi ufulu wochita zimenezi. Funso loti kodi anthu a mumzindawu akuzifuna, ndipo akuzifuna mpaka pati, silinafunsidwepo kwa iwo ndi kamodzi komwe. Ndipo amene amakonda lamuloli asamagone tulo tofa nato, chifukwa chomwe makhansala anachipanga ndi mavoti awo mu 2010 makhansala ena atha kuchiphwasula ndi mavoti omwewo pa msonkhano wawo wa Lachitatu lina lililonse. Kale meya yekha ndi amene ankasankha nkhani zokambirana mu khonsolo, koma kuchokera pomwe anthu anavomereza Proposition A mu November 2023, makhansala atatu okha akagwirizana atha kuika nkhani pa ajenda. Atatu pa makhansala 16.

Ena amati bwanji osangothetsa komitiyo, mzinda wopanda zoning ukhale wopanda zoning basi. Apa nde sindigwirizana nawo mpang'ono pomwe. Mu 1998 Houston inachepetsa kukula kwa puloti yomwe munthu angamangepo nyumba mkati mwa msewu wozungulira wa 610, kufika pa ma square feet 1,400, ndipo mu 2013 anaifutukula mfundoyi kumadera ena a mzinda. Linali ganizo labwino, lathandiza kuti nyumba ku Houston zisakwere mtengo mopenga ngati ku San Francisco kapena Boston. Koma taonani chomwe limachita pa msewu wa nyumba zakale. Kanyumba kamatabwa ka m'ma 1920, kokhala ndi khonde kutsogolo, kakukhala pa puloti ya ma square feet 5,000, mwadzidzidzi kakukhala pa malo omwe angalowe nyumba zitatu zazitali zosanjikiza katatu, zokhala ndi galaja pansi. Dothi lakwera mtengo kuposa nyumba. Banja lofuna kugula kanyumbako kuti lizikhalamo silingapikisane ndi kampani yofuna kukagwetsa, ndipo msewu ukangolowa zitatu zoyamba, oyandikana nawo omwe dzuwa lasiya kufika kuseri kwa nyumba zawo nawonso amagulitsa. Amene anayendapo ku Rice Military amadziwa kuti dera limasinthiratu nkhope m'zaka zochepa chabe. Mzinda utha kulola zimenezi pa 99 peresenti ya malo ake nkusungako 1 peresenti, sindikuonapo tchimo.

Ndipo yemwe akuganiza kuti chikwangwani cha ulemu chimateteza nyumba apite akaone Freedmen's Town ku Fourth Ward. Dera limeneli analimanga anthu akuda omwe anamasulidwa ku ukapolo mu 1865, anamanga matchalitchi awo, masukulu, mpaka misewu ya Andrews ndi Wilson anaiyala njerwa ndi ndalama zawo pomwe mzinda sunkawalabadira. Linalowa m'kaundula wa dziko lonse wa malo a mbiri, National Register of Historic Places, mu 1985, koma kaundula ameneyu saletsa mwini malo kugwetsa. Pa nyumba mazanamazana zomwe zinalipo nthawi imeneyo zatsala zowerengeka, zina zonse ndi nyumba zatsopano zazitali zija. Komiti yokhala ndi mano ikanakhalapo m'ma 1980 ndi m'ma 1990 bwezi lero tikukamba zina. Nde ayi, masiku 90 aja asabwerere. Nyumba ikagwa yagwa, palibe apilo yomwe ingaidzutse.

Vuto la komiti lili kwina, lili pa tinthu ting'onoting'ono. Tiyerekeze mayi wina wopuma pantchito ali ndi nyumba ku Heights yomwe pamapu a mzinda inalembedwa kuti contributing, kutanthauza kuti ndi imodzi mwa nyumba zomwe zimapatsa deralo maonekedwe ake akale. Mawindo ake ndi amatabwa aja okweza mmwamba, okhala ndi zingwe ndi zitsulo zolemera zobisika m'mbali mwa felemu, zingwezo zinaduka kalekale, windo amalichirikiza ndi kamtengo, pansi pafumbwa chifukwa Houston ndi chinyontho chokhachokha, ndipo mu August mpweya wozizira wa AC umangotulukira m'ming'alu bilu yamagetsi nkumakwera. Mzinda umalola kukonza wamba popanda chilolezo, penti utha kupaka mtundu uliwonse, mkati mwa nyumba sakulowererapo. Koma kuzula windo lakalelo nkuikapo latsopano ndi nkhani ya Certificate of Appropriateness, chilolezo cha komiti chija, ndipo mfundo yake ndi yoti chakale chikonzedwe, chisinthidwe pokhapokha chaonongekeratu. Nde mayi uja ajambule zithunzi za windo lililonse, aonetse pomwe pawola, adikire oyendera abwere adzatose thabwalo, ndipo akamuuza kuti awa ndi okonzeka afunefune kalipentala wodziwa mawindo amtunduwu, omwe ndi ochepa ndipo satchipa. Pamene kuseri kwa msewu womwewo munthu wandalama walemba ntchito architect wodziwa chilankhulo cha komiti, wasiya kutsogolo kwa kanyumba kakale momwe kanalili, kumbuyo nkumangako chinyumba chosanjikiza chachikulu kuposa kanyumbako, chilolezo nkutuluka. Lamulo likatero limakhala ngati ukonde womwe ukugwira usipa, chambo chikudutsa.

Ndisanamizire komiti zomwe sinachite. Anthu 13 omwe amakhala mmenemo salandira malipiro, amasankhidwa ndi meya nkuvomerezedwa ndi khonsolo, ena mwa iwo ndi akatswiri enieni a zomangamanga ndi mbiri, ndipo zopempha zambiri zimavomerezedwa. Mzinda wakonzaponso zina, mu 2015 anasintha lamulo kuti zinthu zina zizivomerezedwa ndi ogwira ntchito ku ofesi ya mapulani osadikira msonkhano, anakhazikitsanso bodi yapadera yomva ma apilo, ndipo mu 2018 madera a ku Heights analandira buku la malangizo lokhala ndi miyezo yeniyeni, kutalika mwakuti, kutalikirana ndi mpanda mwakuti. Koma taonani zaka zake. Mphamvu yokana inabwera 2010, miyezo yolembedwa ya dera lomwe linali ndi mikangano yambiri inabwera 2018. Zaka 8 anthu akuweruzidwa ndi mawu ngati oti chomangacho chigwirizane ndi maonekedwe a dera, mawu oti aliyense amawamva mwake, mwezi uno komiti yavomera mwezi wamawa zofanana zomwezo yakana chifukwa mamembala omwe abwera ndi ena. Ndipo msonkhano umachitika kamodzi pamwezi, masana a tsiku la ntchito, ukaphonya tsiku lopereka mapepala kapena akati tibwererenso mwezi wamawa nde kontilakita wako wapita kukagwira kwina. Zonse zomwe zinakonzedwazi zili mu ordinance wamba, lamulo lomwe makhansala atha kulisintha paokha, ndipo dera latsopano litha kudzapezekanso m'mavuto omwewo.

Anthu osapeza bwino amaziona zimenezi ndipo amaopa. Mu 2022 panali ganizo lopanga historic district ku Riverside Terrace, dera lomwe lili ndi mbiri yaikulu ya mabanja achiyuda kenako mabanja a anthu akuda ochita bwino. Ambiri mwa omwe anakana mwamphamvu anali anthu akuda omwe akhala kumeneko zaka zambirimbiri, nkhawa yawo inali ya ndalama zokonzera nyumba motsata malamulo a komiti komanso momwe malire a deralo anajambulidwira, mpaka meya Sylvester Turner analichotsa ganizolo. Izi ziyenera kuwawa aliyense wokonda mbiri. Chida chomwe chikanapulumutsa Freedmen's Town chafika poti anthu omwe chikanawathandiza akuchithawa. Nde sizokwanira kumangonena kuti khoti linatipatsa chilungamo.

Tsono mu charter mulembedwe chiyani? Osati za mawindo, chonde. Charter si malo olembamo kuti thabwa likhale lalikulu bwanji, zimenezo zikhale mu ordinance ndi m'mabuku a malangizo momwe zingasinthidwe zikapezeka kuti sizikuyenda. Mu charter mulowe mafupa okhaokha. Poyamba penipeni mulembedwe kuti mzinda uli ndi mphamvu yokaniza kugwetsa kapena kusamutsa nyumba yakale mu dera lotetezedwa, kukana kosatha ndi masiku, ndipo khomo lomwe liripo kale la munthu yemwe waonetsa kuti kusunga nyumbayo kukumulowetsa m'mavuto azachuma osapiririka likhalebe lotsegula. Izi zikavomerezedwa ndi ovota mkangano woti ndi zoning yobisika utha, ndipo khonsolo yamawa singadzazichotse mwakachetechete.

Kenako malire. Komiti isakhale ndi mphamvu yokana kanthu mu dera lomwe lilibe miyezo yolembedwa ndi kuvomerezedwa ndi khonsolo, kupatula kugwetsa. Mukufuna kulamula kutalika kwa denga, lembani nambala kaye, munthu adziwe asanalipire wojambula pulani. Ikakana ilembe chifukwa chake ndi kutchula ndime yomwe yaphwanyidwa, osangoti sizikugwirizana ndi dera. Pakhale masiku owerengeka oti iyankhe, akadutsa osayankha ndiye kuti chavomerezedwa, chifukwa kuchedwa kumapweteka mwini nyumba. Ndipo mfundo yomwe ndimaiona yaikulu kuposa zonse, malamulo a dera akafuna kukhwimitsidwa kwambiri ngati momwe zinachitikira mu 2010, eni malo afunsidwenso, ndipo awerengedwe okhawo omwe ayankha. Masiku ano kuti dera latsopano likhazikitsidwe pamafunika 67 peresenti ya eni malo avomere, nambala yokwera ndithu ndipo ndi bwino kuti ndi yokwera, koma chilolezo chomwe anthu apereka pa malamulo awa chisamatengedwe ngati chilolezo cha malamulo ena aliwonse omwe angadzabwere.

Pa za mamembala, ndamvapo maganizo oti komiti zoterezi zizisankhidwa pa voti. Ine ayi. Chisankho cha komiti ya nyumba zakale mumzinda waukulu chonchi angavote ndani? Anthu ochepa okwiya ndi makampani omanga omwe ali ndi ndalama za kampeni, basi. Bola asankhidwebe ndi meya, koma charter inene kuti mipando ingapo ndi ya anthu omwe akukhala m'madera otetezedwawo, ndipo pakhale wina wochita lendi, chifukwa nkhani zonsezi zimakambidwa ngati m'maderamo mumakhala eni nyumba okhaokha. Apilo ipite kwa anthu ena osati omwe anakana aja, izi zilipo kale koma zilembedwe pomwe sizingafufutike. Za ndalama ndiye zovuta kuziika mu charter, koma mfundo yake itha kulowa, kuti mzinda ukakakamiza munthu wopeza zochepa kukonza mwanjira yodula chifukwa cha ubwino wa tonse, mzinda uthandizepo. Kuchotsera msonkho komwe kulipo kumathandiza kwambiri yemwe ali kale ndi ndalama zambiri zoti alowetse pa kukonzanso nyumba, mayi wa mawindo uja sapindula nako kwenikweni.

Pali zotsutsa zomwe sindingazinyalanyaze, ndipo ina ndi yamphamvu zedi. Akuti ukatengera nkhaniyi ku voti ya mzinda wonse ndiye kuti anthu a ku Kingwood ndi Clear Lake, madera a kumphepete kwa mzinda, omwe mwina sanapondeko ku dera lakale la Old Sixth Ward, ndi amene agamule za misewu yomwe sakhalamo, ndipo mumzinda womwe unakana zoning katatu, otsutsa angofunika chikwangwani chimodzi cholembedwa kuti boma lichoke pa nyumba yanga, nkhani yatha. Zoona, chiopsezo chimenecho chilipo. Koma chilipo kale olo okonda nyumba zakale atangokhala phee, chifukwa masiginecha 20,000 aja ndi a aliyense. Atagonja kukhoti, njira yoonekeratu yomwe yatsala kwa odana ndi komiti ndi yomweyi ya charter, ndipo akadzayamba ndi iwo kulemba mawu a pa balotiyo sadzalemba zokonza, adzalemba zothetsa kapena zobwezeretsa masiku 90. Amene walemba funso ndi amene amakhala ndi mwayi. Funso loti kodi mukufuna kuti nyumba zakale zisagwetsedwe mwachisawawa koma komiti ikhale ndi malire, iyankhe msanga, ndipo eni malo azifunsidwa, litha kupambana ngakhale ku Houston. Anthu a kumeneko sadana ndi malamulo a malo monga momwe amanenedwera, madera ambiri ali ndi ma deed restriction, malamulo olembedwa m'mapepala a umwini wa malo, okhwima kuposa a HAHC ndipo maloya a mzinda amathandiza kuwalimbikitsa. Chomwe amadana nacho ndi kuuzidwa zochita ndi anthu omwe sanawapatse chilolezo.

Chotsutsa china ndi choti charter ndi youma. Malamulo a Texas salola mzinda kusintha charter yake kopitilira kamodzi pa zaka ziwiri, nde ukalakwitsa mawu umakhala nawo. Ndipo Houston yapsapo kale. Mu November 2018 anthu anavomereza Proposition B, yosintha charter kuti ozimitsa moto azilandira mofanana ndi apolisi, nkhaniyo inakhala m'makhoti mpaka 2023 pomwe khoti lalikulu la Texas linati ikusemphana ndi lamulo la boma la Texas. Nkhani ya ndalama za ngalande yomwe inalowa mu charter mu 2010 nayonso inakokedwa m'makhoti chifukwa cha momwe mawu a pa baloti analembedwera. Izi kwa ine sizikunena kuti musakhudze charter, zikunena kuti mulembe zochepa, zomveka, ndipo maloya aziyese kaye ndi Chapter 211 ya Local Government Code, lamulo la Texas lomwe khoti linayezera nalo ordinance ija mu 2021. Ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi zakwana. Kuuma komwe anthu akukuopako ndi komwenso kukufunika apa, munthu wogula nyumba ndi ngongole ya zaka 30 ayenera kudziwa kuti malamulo a msewu wake sasintha nthawi iliyonse meya akasintha, kaya kukhwima kaya kufewa. Ku New Orleans anazindikira izi kalekale, mphamvu zoteteza French Quarter, dera lakale la mzindawo, zinachokera pa kusintha konsitichushoni ya Louisiana mu 1936, anthu atavota, ndipo Vieux Carré Commission, komiti yoteteza deralo, ilipobe mpaka lero. Anthu amakangana nayo tsiku ndi tsiku za makonde ndi zikwangwani, koma sumva wina akuti inabwera mozemba.

Palinso Austin, osati mzinda koma nyumba ya malamulo ya Texas yomwe imakumana kumeneko. Aphungu akumeneko sachedwa kulanda mizinda mphamvu akamva madandaulo a eni malo, ndipo pa nkhani yomweyi analowererapo kale mu 2019, pomwe anakhazikitsa kuti mzinda sungalengeze nyumba ya munthu kukhala ya mbiri iye akukana pokhapokha mavoti a khonsolo ndi a komiti atafika magawo atatu mwa anayi. Charter singatseke khomo limeneli, lamulo la boma la Texas lili pamwamba. Koma mzinda womwe ungapite ku Austin nkunena kuti anthu athu anavotera izi, ndipo malire tinaika tokha, uli ndi poyimira pabwino kuposa mzinda womwe ukungogwira chigamulo cha khoti chonena kuti referendamu sinali yofunika.

Mwina wina afunsa kuti nanga nkhani ya kusowa kwa nyumba, kodi madera otetezedwawa sakukweza mitengo? Ku New York kapena ku Washington funso limeneli ndi lolemera chifukwa madera otetezedwa ndi ambiri ndipo kwina konse kumanganso nkovuta. Ku Houston 1 peresenti singasowetse mzinda nyumba. Komabe mitengo ya ku Heights yakwera kwambiri, dera lomwe linayamba mu 1891 ndipo kwa zaka zambiri linali la anthu ogwira ntchito wamba lero ndi la opeza bwino, nde ine ndikanakonda kuti ndime imodzi inene poyera kuti komiti ilibe mphamvu pa kuchuluka kwa mabanja okhala pa puloti. Munthu akafuna kumanga kanyumba ka lendi kuseri pamwamba pa galaja, kapena kugawa nyumba yaikulu kuti mukhale mabanja awiri osasintha kutsogolo kwake, imeneyo si nkhani ya mbiri. Ndipotu nyumba zakale zambiri za m'maderawa zinali ndi tinyumba totere kuyambira kale. Khoti lija linati lamuloli si zoning chifukwa silikhudza kagwiritsidwe ntchito ka malo, nde tiyeni zimenezo zilembedwe kuti zisadzasinthe mawa anthu ena akadzafuna kugwiritsa ntchito komiti pothamangitsa alendi.

Khonsolo payokha ili ndi mphamvu yoika kusintha kwa charter pa baloti popanda kudikira masiginecha a wina aliyense. Meya John Whitmire, yemwe analowa mu ofesi mu January 2024, kapena makhansala atatu aja pogwiritsa ntchito Proposition A, atha kuyambitsa zokambiranazi, ndipo poyambira pabwino ndi kutulutsa poyera ziwerengero za komiti kuchokera 2010, zopempha zingati zinakanidwa, zingati zinali za kugwetsa ndipo zingati za mawindo ndi zitseko, anthu anadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo ma apilo anathera kuti. Mapepala amenewo ali kale ku ofesi ya mapulani ya mzinda.